Mphenzi ndi chotupa cha pa ntchafu

Tsiku 1, Lachiwiri

Ndatuluka kuchipatala cha ziweto lero mutu utazunguzika, ndipo pofika pakhomo theka la zimene adokotala anandiuza linali litandithawa kale. Bambo a ana atandifunsa kuti "Mwayendako bwanji?" ndinangoti "Ati ndi khansa," mawu n'kuthera pompo. Ndiye kuyambira lero chilichonse chokhudza galu wathu Mphenzi ndizichilemba, kuti ndisamaiwale mankhwala ndi malangizo, komanso kuti wina amene galu wake watuluka chotupa asachedwe monga ndinachedwera ine.

Mphenzi ndi wamkazi, ali ndi zaka 2 ndi miyezi 4. Mayi wake ndi galu wamba wa kwathu konkuno, bambo wake ndi galu wa mtundu wa boxer, ndipo anatengera chifuwa chotambalala ndi mphuno yaifupi ya bambo wakeyo. Dzinali anamupatsa ndi mwana wathu wamkazi, chifukwa ali wamng'ono ankati akangoona geti latseguka, ukaphethira wafika kale kumsewu.

Chotupacho ndinachipeza masabata 5 apitawo ndikumuchotsa nkhupakupa pakhonde. Chili pa ntchafu ya mwendo wakumbuyo wakumanzere, chakunja, kukula kwake ngati nzama imodzi, ubweya wa pamwamba pake utayoyoka pang'ono. M'dzinja muno aliyense woweta agalu ku Lilongwe akaona chotupa chotere amangoti mphutsi. Ntchentche ija imaikira mazira pa dothi pomwe galu amagona, kamphutsi n'kuboola khungu n'kumakulira m'kati. Ndazichotsapo kambirimbiri. Ndinapaka Vaseline kuti itsamwe, ndinadikira, kenako ndinafinya. Sipanatuluke kanthu. Ndinafinyanso mwamphamvu mpaka Mphenzi analira. Pofika madzulo chotupa chija chinali chitakula kawiri, chofiira, chotentha, iye akungochinyambita. Patapita masiku awiri chinaphwa n'kubwerera mwakale, ine mtima unakhala pansi. Chinachitanso zomwezo kawiri konse, kutupa n'kuphwa, ndipo chikaphwa ndinkati chikupola.

Adokotala atachigwira pang'ono chabe anati pa msinkhu wa Mphenzi chimene chimakonda kutuluka ndi chotupa china chotchedwa histiocytoma, chosaopsa, chimene chimatha chokha pakapita miyezi iwiri kapena itatu. Koma anati maso okha sangasiyanitse. Anatenga singano yopyapyala, anabaya chotupacho kangapo, timadzi tomwe tinalowa m'singano anatithira pa kagalasi, anatipaka mankhwala opatsa mtundu n'kukaika pa maikulosikopu. Mphenzi sanagonetsedwe n'komwe, anangonjenjemera pang'ono basi. Patatha mphindi ngati 20 anandiitana kuti ndidzaone ndekha. Ndinaona tinthu tozungulira tambirimbiri, kalikonse kodzaza ndi timadontho ta mtundu wa GV uja timapaka pa zilonda, ndipo timadontho tina tinali titamwazikira kunja ngati mapira otayika pa mphasa.

"Mayi, awa ndi maselo otchedwa mast cell," anatero. "Galu aliyense ali nawo pakhungu, inunso muli nawo. Ndi asilikali a m'thupi. Timadontho mukuonato muli histamine, yomwe imatupitsa khungu njuchi ikakulumani. Koma apa achulukana mopanda malire. Imeneyi ndi mast cell tumour, khansa ya pakhungu imene timaiona kwambiri mwa agalu."

Anandifotokozera kuti nthendayi imakonda agalu achikulire, a zaka 8 kapena 9, koma achichepere siiwasiya, makamaka a magazi a boxer. Kutupa ndi kuphwa kuja ndiye chizindikiro chake chenicheni: ukachifinya, timadontho tija timaphulika, histamine n'kutuluka, khungu n'kutupa, kenako n'kuphwa, chotupa chenichenicho chili pomwepo. Chinthu chimene ine ndinkati ndi kupola ndi chimene chikanandithamangitsira kuchipatala sabata yoyamba yomwe. Lamulo la lero ndi limodzi: asachigwirenso munthu, ngakhale mwana.

Tsiku 3, Lachinayi

Tabwererakonso m'mawa asanadye. Amutenga magazi kuti aone ngati chiwindi ndi impso zingapirire mankhwala ogonetsa. Abayanso mwanabele wa kuseri kwa bondo la mwendo womwewo, chifukwa khansa imeneyi ikayamba kuyenda imayamba yafika ku mwanabele wapafupi, kenako kukapamba ndi kuchiwindi. Mwanabeleyo sanatupe, ndipo pa kagalasi adokotala sanapezepo chodetsa nkhawa. Magazi ali bwino.

Tabwera ndi mankhwala a mitundu iwiri. Oyamba ndi Piriton, yemweyu timamwa ife thupi likamayabwa, woti azichepetsa mphamvu ya histamine. Achiwiri ndi omeprazole, woteteza m'mimba, chifukwa histamine ikachuluka m'magazi imachulukitsa asidi wa m'mimba mpaka galu kuchita zilonda. Andiuza kuti ndikaona akusanza, akukana chakudya, kapena chimbudzi chake chada ngati phula, ndisadikire kuti kuche. Mulingo wa mankhwalawo awerengera pa kulemera kwake, makilogalamu 24, ndipo sindiulemba pano kuopa kuti wina angaukopere kwa galu wa msinkhu wina.

Opaleshoni aiika Lachitatu sabata yamawa. Andilembera mtengo wa zonse: opaleshoni, mankhwala, ndi kutumiza chotupa ku labotale. Ukuposa malipiro anga a mwezi wathunthu. Usiku takhala pansi ndi bambo a ana. Iwo anakhala chete nthawi yaitali, kenako anati, "Ndalama za chipereganyu zija timati tipentere nyumba zikubwera mwezi uno. Khoma silimva kuwawa." Tagwirizana choncho. Zotsalazo ndikongola ku banki m'khonde.

Tsiku 6, Lamulungu

Apongozi anga aakazi abwera titaweruka ku tchalitchi, ndipo nkhani inali itawapeza kale kudzera kwa mdzukulu wawo. Sanazungulire. "Apongozi, zoona mukufuna kukang'ambitsa galu? Galu amangofunika katemera wa chiwewe ndi nsima yotsala. Anthu akusowa mankhwala m'zipatalamu, inu ndalama zonsezo kwa galu?"

Sindinawayankhe msanga, chifukwa mawu amenewa ndakhala ndikudziuza ndekha usiku uliwonse kuyambira Lachiwiri. Azakhali anga, amene anandilera mayi anga ali kuntchito, anamwalira ndi khansa ya khomo la chiberekero, yomwe imapha amayi ambiri m'Malawi muno kuposa khansa ina iliyonse. Anafika kuchipatala mochedwa. Nthawi imeneyo m'dziko muno munalibe makina owotchera khansa, ofuna thandizo limenelo ankayenera kupita ku India, ku Tanzania kapena ku Zambia, ndipo azakhali sanapite. Ndinkawasambitsa ndine miyezi yawo yomaliza. Ndiye ndikamva mawu oti khansa sindimva ngati mawu a m'buku. Ndipo ndikudziwa bwino kuti Mphenzi wapimidwa m'mphindi 20 pomwe amayi ena kumudzi amatha miyezi akuyendera zotsatira.

Ndinawauza apongozi zomwezi. Ndinati kumusiya galuyu kuti afe sikuchiritsa munthu aliyense, ndipo tinamutenga ndife, tinamuzoloweza kugona pakhomo pathu ndife. Usiku umene akuba anadumpha mpanda chaka chatha, anatidzutsa ndi iyeyo. Ndinati kwa azakhali ndinafika zinthu zitaipa kale, apa adokotala akuti mwayi ulipo, ndiye manja anga sangalole kungopinda. Apongozi anangoti "Chabwino, nyumba ndi yanu," n'kuyamba kusenda nyemba. Sitinagwirizane, koma sitinayambane.

Atapita ndinakumbukira kuti ine mwini padutsa zaka ndisanakayezetse khomo la chiberekero. Ndalemba pa kalendala ya kukhitchini kuti ndipite mwezi uno usanathe.

Tsiku 8, Lachiwiri

Wadya komaliza 8 koloko usiku. Madzi aloledwa mpaka m'mawa. Tachapa mabulangete awiri akale, taayanika pa chingwe osati pa udzu, ndipo taasita kuti tiphe mazira a ntchentche ija. Takonza malo m'kachipinda kosungiramo katundu, chifukwa kwa masabata awiri sagona panja. Mwana wandifunsa ngati Mphenzi adzuke akagonetsedwa. Ndamuuza zoona, kuti agalu ambiri amadzuka bwinobwino, kuti magazi ake ndi abwino, ndi kuti inenso ndikuopa.

Tsiku 9, Lachitatu, tsiku la opaleshoni

Tinafika 7 koloko. Ndinasaina chikalata chovomereza kuti ndauzidwa za kuopsa kwa mankhwala ogonetsa. Dzanja linkanjenjemera moti siginecha yake sikufanana ndi ya kubanki. Wothandizira adokotala ndi mtsikana amene anaphunzira udokotala wa ziweto ku Bunda, ku LUANAR, ndipo anamugwira Mphenzi modekha kwambiri, akumuyankhula m'Chichewa ngati mwana.

Asanalowe naye, adokotala anandionetsa chimene akufuna kuchita. Anamumeta ntchafu yonse mosamala osakhudza chotupa, anatenga rula ndi cholembera n'kujambula mzere wozungulira, masentimita 2 kuchokera m'mphepete mwa chotupacho mbali zonse. Anati maselo a khansayi amalowerera m'khungu looneka labwinobwino, ndiye kudula pomwe maso akuonera ndi kusiya mizu. Pansinso sadula khungu lokha, amachotsa ndi kachikopa koyera kaja kamakuta mnofu, kamene timakaona tikamasenda mbuzi, chifukwa kamakhala ngati mpanda wotchinga maselo kuti asalowe m'kati. Anamubaya kaye jakisoni woletsa histamine, popeza chotupa chikagwedezeka pa opaleshoni ikhoza kutuluka yambiri nthawi imodzi n'kugwetsa kuthamanga kwa magazi.

Ndinakhala pa benchi panja. Panali bambo wina ndi mbuzi yothyoka mwendo, ndi mnyamata atanyamula tiana ta galu m'katoni kudzabayitsa katemera. Mvula inagwa n'kukata. Sindinathe kupemphera ndi mawu, ndinkangobwereza dzina lake mumtima.

Cha m'ma 11 anandiitana. Zayenda bwino. Koma nditaona balalo miyendo inalefuka. Chotupa cha nzama imodzi chasiya bala la masentimita 15, kuchokera pafupi ndi chiuno kutsika chakubondo, losokedwa mfundo 19 za ulusi wabuluu. Adokotala anaona nkhope yanga n'kunditengera pepala. Chotupa masentimita 1.5, kuwonjezera 2 uku ndi 2 uku, ndiye dzenje loposa masentimita 5 m'lifupi. Dzenje lozungulira silisokeka bwino, limachita makwinya m'mapeto, ndiye amalitalikitsa kuti likhale ngati tsamba la mango, mbali ziwirizo zikumane mosakoka. Ndalemba izi mwatsatanetsatane chifukwa ndikanakonda wina akanandiuza dzulo. Bala lalitali silitanthauza kuti apeza zoopsa m'kati.

Anandionetsanso chimene achotsacho, chili m'botolo la mankhwala otchedwa formalin, m'mphepete mwake atapakamo inki kuti a ku labotale akadziwe mbali iliyonse. Chipita ku South Africa. Zotsatira ndi masabata awiri kapena atatu.

Tamutenga 4 koloko madzulo, akuyenda mopepesuka, atavala chipewa cha pulasitiki chonga fanulo chomuletsa kunyambita. Atilangiza mwamphamvu kuti mankhwala opha ululu ndi okhawo atipatsa. Brufen wathu wa m'nyumba ndi poizoni kwa galu, amawononga m'mimba ndi impso.

Tsiku 10, Lachinayi

Usiku unali wautali. Magetsi anazima cha m'ma 9, ndipo Mphenzi anayamba kulira kachete, kosalekeza, kulira komwe sindinamumvepo. Ndinagona pa mphasa pambali pake ndi tochi. Ndikachotsa dzanja pakhosi pake ankayambiranso. Adokotala anali atandichenjeza kuti mankhwala ogonetsa akamatha m'thupi galu amasokonezeka, ndiye kulira kwina si ululu, koma pakati pa usiku zimenezo sizitonthoza. Kangapo ndinamuunika nkhama, zinali zofiirira bwino. Bala linali louma, kupatula timadontho tiwiri ta magazi pa bulangete.

M'mawa wakana nsima, wakana ndi usipa womwe amaukonda. Masana walandira dzira lowiritsa limodzi kuchokera m'dzanja la mwana, ndipo piritsi tinalibisa m'kati mwa dziralo. Madzulo wamwa phala la mgaiwa theka la mbale. Wakodza kawiri, atamangidwa chingwe, ine ndikumuchirikiza ndi chitenje pansi pa mimba potsika masitepe a pakhonde.

Tsiku 12, Loweruka

Wayamba kudya ngati kale. Vuto tsopano ndi chipewa. Akugunda nacho zitseko, miyendo ya tebulo, ndi miyendo yathu. Mbale ya madzi taikweza pa njerwa ziwiri kuti azifikira. Ntchentche zachuluka ndi mvulayi, ndiye masana tikumugoneka m'neti yakale ya udzudzu yomwe tamangirira pa zenera ndi pa msomali. Bala ndikuliona m'mawa ndi madzulo, ndikulijambula pa foni nthawi yofanana kuti ndizifananiza. Khungu lozungulira lachita mikwingwirima yakuda chakumunsi. Ndatumiza chithunzi pa WhatsApp, adokotala ati ndi magazi ogwera pansi pa khungu, atha okha.

Tsiku 14, Lolemba

Dzulo madzulo ndinapeza kumunsi kwa bala kutatupa ngati dzira la nkhuku, kofewa, ukakhudza kukugwedezeka ngati madzi a m'jumbo. Mtima unangoti phwii, ndinati chabwerera. Usiku wonse sindinagone. M'mawa ndinapempha chilolezo kuntchito n'kuthamanga naye.

Si khansa. Ndi madzi a m'thupi amene amadzaza m'mpata wotsala pakati pa khungu ndi mnofu, dzina lake seroma. Adokotala anafunsa ngati wathamangapo, ndipo ndinakumbukira kuti Loweruka madzulo geti litagogodedwa anadumpha kuchoka pakhonde chingwe chisanamangidwe. Kudumpha kamodzi komweko kunakwanira. Anawonjezeranso kuti mabala a khansa imeneyi nthawi zina amachedwa kupola, chifukwa maselo aja amatulutsanso heparin ndi zina zochedwetsa magazi kuundana ndi khungu kulumikizana. Sanapope madziwo. Ati kubaya singano pamenepo n'kutsegulira majeremusi khomo, thupi liwamwa lokha. Ntchito yanga ndi kuthowa ndi kansalu koyera ka madzi ofunda kwa mphindi zingapo katatu pa tsiku, ndi kumutsekera ndithu. Pakatentha, pakatuluka mafinya kapena fungo, ndibwerere.

Apa ndiye panabuka funso loti masana azikhala ndi ndani, ife tili kuntchito, mwana ali kusukulu. Bambo a ana anaimbira mayi awo kuwafotokozera chabe mmene zilili. Iwo anati, "Ndibwera mawa. Si chifukwa cha galuyo ayi, koma ndalama mwalowetsazo zisapite pachabe."

Tsiku 16, Lachitatu

Chipewa chasweka. Anachikanikiza pa mwendo wa bedi mpaka chinang'ambika, ndipo apongozi asanazindikire anali atafika pa bala n'kumasula mfundo imodzi ya kumtunda. Bala silinatseguke. Kuchipatala zipewa za saizi yake zatha. Wothandizira adokotala uja anatiuza njira imene iwo amagwiritsa ntchito kumidzi: ndowa ya pulasitiki. Bambo a ana anagula yaing'ono ku msika, anadula pansi pake bowo lokwana mutu, anakulunga m'mphepete ndi nsanza ndi tepi kuti pasamucheke, anaboola timabowo tinayi n'kumangirira pa lamba wa m'khosi. Ikugwira ntchito kuposa chipewa chija. Akumva pang'ono movutikira ndipo sakuona m'mbali, ndiye tikumuyankhula tisanamukhudze kuti asadzidzimuke.

Nditaweruka ndinapeza apongozi atakhala pa mpando pakhomo pa kachipinda kaja akusankha mpunga, Mphenzi atatsamiritsa ndowa yake pa phazi lawo. Anandiuza kuti wathowedwa kawiri, ndipo phala amuphikira okha, athiramo bonya wosinja chifukwa "la mgaiwa wokha silimanga thupi."

Tsiku 19, Loweruka

Kutupa kwachepa, kwatsala ngati dzira la njiwa. Wayamba kunyong'onyeka, akulira pakhomo akamva ana akusewera. Mwana wapeza njira: akubisa tizidutswa ta chiwindi chowiritsa m'chitenje chopindapinda, iye n'kumafufuza ndi mphuno. Pa mphindi zimenezi timamuvula ndowa, wina atakhala pafupi ndi bala. Zikumutopetsa osathamanga.

Ine ndiye ndikuvutika ndi kudikira. Foni ikangolira nambala yosadziwika, m'mimba mukutentha. Ndinayamba kuwerenga pa intaneti usiku, ndinapeza nkhani za agalu amene anafa patangopita miyezi yochepa, ndi za ena amene anakalamba bwinobwino, ndipo zonsezo dzina la nthenda ndi limodzi. Ndasiya. Mpaka pepala la ku labotale litafika, palibe nkhani ya galu wina imene ingandiuze za wanga.

Tsiku 23, Lachitatu

Masiku 14 chichitireni opaleshoni. Ulusi wachotsedwa, mfundo 18 zotsala zija. Sanalire. Chipsera ndi mzere wofiirira wowongoka, ubweya wayamba kumera m'mbali ngati kapinga wongobzala. Madzi aja atheratu. Ndowa ikhalabe masiku ena atatu. Zotsatira sizinafike.

Lolemba ndinapita kukayezetsa khomo la chiberekero monga ndinalembera pa kalendala. Zili bwino. Apongozi anandiperekeza, ndipo pobwerera anandifunsa mafunso ambiri okhudza azakhali.

Tsiku 30, Lachitatu

Adokotala anaimba 10 koloko ndili m'kalasi. Ndinatuluka panja. Anati, "Mayi, nkhani ndi yabwino, koma mubwere ndikufotokozereni pepalali bwinobwino." Ndinatsamira khoma n'kulira, ana a sukulu akundiyang'ana pa zenera.

Madzulo tinapita tonse ndi bambo a ana. Pepalalo likuyankha mafunso awiri: khansayi ndi yaukali bwanji, ndipo yachotsedwa yonse kapena ayi.

Pa funso loyamba pali miyeso iwiri. Wakale, wa Patnaik wa 1984, umagawa zotupazi m'magiredi atatu, 1 yofatsa, 3 yolusa. Vuto lake ndi loti zotupa zambiri zimagwera pa giredi 2, ndipo za giredi 2 zina zimafatsa, zina zimalusa. Ndiye mu 2011 kunabwera muyeso wa Kiupel umene umangogawa pawiri, low grade (yofatsa) ndi high grade (yolusa). Cha Mphenzi alemba giredi 2 pa muyeso wakale, low grade pa watsopano. Adokotala anatilozera nambala ina imene anati amaiyang'ana kwambiri, ya maselo amene agwidwa ali m'kati mogawikana. Amawerenga m'malo 10 a pa maikulosikopu. Akapeza 7 kapena kuposa, pa muyeso wa Kiupel chotupacho ndi high grade. Cha Mphenzi apeza 1.

Pa funso lachiwiri, m'mphepete monse mwa inki muja, m'mbali ndi pansi pomwe, sanapezemo maselo a khansa. Bala lalitali lija lagwira ntchito yake. Chotupa cha low grade chikachotsedwa chonse chotere, agalu ambiri safunanso thandizo lina.

Ndinafunsabe kuti zikanakhala high grade tikanatani, chifukwa funso limeneli landisowetsa tulo masabata atatu. Anatchula mankhwala olowetsa m'mitsempha otchedwa vinblastine ophatikiza ndi mapiritsi a prednisolone, ndi mapiritsi ena otchedwa Palladia, amene anavomerezedwa ku America mu 2009 ngati mankhwala oyamba a khansa opangidwira agalu. Amenewa ndi odula kwambiri ndipo ndi ochita kuitanitsa kunja. Bambo a ana ndi ine tinayang'anizana. Tonse tinadziwa kuti kumeneko thumba lathu silikanafika, ndipo tikanayenera kusankha zina zowawa. Sindinganame kuti tinapulumuka chifukwa cha nzeru zathu. Ndinachedwa masabata 5, ndinafinya chotupa, ndipo chinapezeka chofatsa.

Chenjezo lake ndi ili: galu amene watulukapo chotupa chotere akhoza kutuluka china pena, chatsopano, osati chakalecho kubwerera, ndipo agalu a magazi a boxer amachita zimenezi kawirikawiri. Ndiye tizimupapasa thupi lonse kamodzi pa mwezi, ndi kupita naye kukaonedwa miyezi itatu iliyonse chaka choyambachi. Chotupa chilichonse chatsopano, ngakhale chichepe bwanji, ndi cha singano ndi kagalasi, osati cha zala. Piriton ndi omeprazole tasiya lero.

Tsiku 34, Lamulungu

Wathamanga koyamba wopanda chingwe. Anazungulira nyumba katatu, anagubuduka pa kapinga, anakathera pa mapazi a apongozi omwe anabwera kudzatenga mbale yawo. Mwendo uja akuuponda bwino, kungoti akakhala pansi amautambasula pang'ono chifukwa khungu likukokabe. Ngongole ya ku banki m'khonde ndayamba kubweza, ithera mwezi wachinayi kuchokera pano.

Mwana wajambula Mphenzi m'kope lake lakale la masamu, mbali ya kumanja, ya kumanzere, ndi ya kumimba. Chipsera wachijambula ndi cholembera chofiira. Pa chithunzi chimenechi ndi pomwe tizilemba chilichonse chimene tapeza, malo ake, kukula kwake ndi tsiku.

Tsiku 61, Loweruka

Kupapasa kwa mwezi uno. Timayamba kumphuno, makutu, khosi, kutsika msana, nthiti, m'khwapa, mimba, miyendo, pakati pa zala, mpaka kumchira, manja ali chafufumimba pang'onopang'ono motsutsana ndi ubweya. Iye amaona ngati tikumusisita, amagona chagada. Chipsera chayera, ubweya wachikwirira pafupifupi chonse, ndipo pansi pake palibe cholimba. Mwanabele wa kuseri kwa bondo ndi wamng'ono ngati kale. Tachotsa nkhupakupa ziwiri kukhutu.

Kuseri kwa phewa lakumanja mwana anaimitsa dzanja n'kunena, "Amayi, apa." Kanthu kakang'ono ngati njere ya mphodza, pansi pa ubweya, kosafiira, kopanda kabowo pamwamba. Ndinamva kutentha kuja m'mimba. Tinapatula ubweya, tinaika rula pambali pake osakanikiza: mamilimita 4. Ndajambula pa foni, mwana waika kadontho pa chithunzi cha m'kope ndi tsiku la lero. Palibe wakafinya. Ndatumiza chithunzicho kwa adokotala, ayankha kuti tibwere naye Lolemba 8 koloko, asanadye.